Methyl ya pamphambano: funso la octalone yochokera ku diethyl pimelate

Kachere: Moni nonse. Pali funso la synthesis lomwe likundizunguza mutu. Molekyulu yake ndi ya mphete ziwiri zomatana, iliyonse ya makaboni 6. Mphete imodzi ilibe kanthu, inayo ili ndi ketone ndi double bond yoyandikana nayo, ndipo double bond imeneyi ikukathera pa kaboni mmodzi wa pamphambano. Pa kaboni winayo wa pamphambano pali methyl. Mabuku ena amaitcha 10-methyl octalone. Akuti tiyambire pa diethyl pimelate, ndipo chilichonse chowonjezera chisabweretse makaboni opitirira 4. Ine ndaganiza motere: Dieckmann (reaction yotseka diester kukhala mphete), kenako methyl iodide, kenako kuchotsa ester, kenako LDA (base yamphamvu, lithium diisopropylamide) pa madigiri -78 Celsius ndi methyl vinyl ketone (MVK). Zili bwino?

Tsabola: Masitepe atatu oyambawo palibe vuto. Lachinayilo likupatsani molekyulu ina, osati yomwe akufunsa. Jambulani 2-methylcyclohexanone, muone nokha kuti LDA ikachotsa proton mbali iti.

Kachere: Mbali yopanda methyl, chifukwa LDA ndi yonenepa ndipo kumeneko kuli malo.

Tsabola: Ndiye MVK ikamatirira kumeneko. Methyl yanu ithera m'mbali mwa mphete, pamphambano pakhala haidirojeni.

Nkhwazi: A Kachere, tisanafike pa base, tiyeni tiyambire kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo, chifukwa funsoli analikonzera zimenezo. Njira imeneyi ndi yomwe E. J. Corey anaiyala bwino mpaka kulandira nayo Nobel mu 1990, koma pa enolate (chomwe chimatsala base ikachotsa proton pa kaboni woyandikana ndi carbonyl) siivuta: mumawerenga makaboni apakati pa magulu a okosijeni, nambalayo imakuuzani podula.

Mukaona ketone yokhala ndi double bond pambali pake, dulani pa double bond pomwepo. Kaboni yemwe ali kutali ndi ketone mumupatse okosijeni, akhale carbonyl; yemwe ali pafupi mumupatse mahaidirojeni. Mwabweza aldol (reaction yomwe enolate imaluma carbonyl) m'mbuyo. Chitani zimenezi pa octalone yanu, mupeza cyclohexanone yomwe pa kaboni wake wachiwiri pali methyl ndi mchira wa makaboni 4 wokhala ndi ketone. Tsopano werengani kuchokera pa carbonyl wa m'mphete kufika pa carbonyl wa kumchira: 1, 2, 3, 4, 5. Ma carbonyl awiri otalikirana 1,5 amabadwa ku reaction ya Michael, pomwe enolate imamatirira kumapeto kwa double bond yoyandikana ndi ketone. Dulani pakati pa kaboni 2 ndi 3, mutsala ndi 2-methylcyclohexanone ndi MVK.

Apa ndiye mfundo ya a Tsabola imaonekera yokha. Podula paja, bond yomwe mwadula inali pa kaboni yemwe ali ndi methyl. Choncho enolate yomwe mukufuna ndi ya mbali yothinanayo. Mukadayamba ndi kudula, LDA simukadailemba n'komwe.

Michael kenako aldol m'mphika umodzi ndiye Robinson annulation, yomwe Robert Robinson ndi William Rapson anafalitsa mu 1935.

Mphenzi: Ine ndimangoti ndikaona cyclohexenone ndimalemba "Robinson" n'kuyamba kupemphera.

Tsabola: Pemphero silisankha enolate, achimwene.

Kachere: Chabwino, ndamva. Nanga ndikagwiritsa ntchito enamine (double bond yokhala ndi nayitirojeni) ya Gilbert Stork? Pyrrolidine, kenako MVK. Tinaphunzira kuti imeneyi ndiyo njira yofatsa yochitira Michael.

Namzeze: Yofatsa inde, koma ikutengerani komwe LDA inakutengerani. Pyrrolidine ikakumana ndi 2-methylcyclohexanone, double bond ya enamine imakonda kupita mbali yopanda methyl. Chifukwa chake n'chakuti nayitirojeni amafuna kugona chafulati ndi double bond kuti agawane ma electron, ndipo methyl ikakhala pa double bond pomwepo imagundana ndi ma CH2 a pyrrolidine. Enamine imathawa kugundanako. Ambiri amakodwa pamenepa chifukwa amaganiza kuti chilichonse chopangidwa motentha, pali nthawi yokwanira, chimapereka double bond yokhala ndi nthambi zambiri. Pa enolate n'zoona, pa enamine ya amine ngati pyrrolidine ayi.

Kachere: Ndiye kuti njira ziwiri zonse zomwe ndimazidalira zikupita kumbali yolakwika.

Nkhwazi: Zikupita kumbali imodzi, ndipo tsiku lina mudzaifuna mbali imeneyo. Lero mukufuna inayo. Mukufunika base yofooka pang'ono, mu solvent yokhala ndi proton yoti ibwezere, monga sodium ethoxide (NaOEt) mu ethanol kapena KOH pang'ono. pKa (nambala yomwe ikachepa, proton imachoka mosavuta) ya ketone ili cha pa 19 mpaka 20, ya ethanol ili cha pa 16, choncho ethoxide siichotsa proton yonse. Imachotsa pang'ono, n'kubweza, n'kuchotsanso. Ma enolate awiriwo amasinthana mosalekeza, ndipo yomwe double bond yake ili ndi nthambi zambiri imachulukirapo. LDA ndi nkhani ina: diisopropylamine ili ndi pKa cha pa 36, ndiye ikachotsa proton yachotsa basi, palibe kubwerera, ndipo pa -78 imachotsa yomwe yaifikira msanga. Pa ketone imeneyi zimafika pafupifupi 99 kwa 1 mokomera mbali yopanda methyl.

Palinso njira ya asidi: sulfuric acid pang'ono ndi MVK. Pamenepo wogwira ntchito ndi enol, ndipo enol nayonso imakonda mbali ya methyl.

Chiswe: Pepani kulowerera. Bwanji osachita Michael ester isanachoke? Dieckmann ikatha muli ndi beta-ketoester, pKa yake cha pa 11. Proton ya pakati pa ma carbonyl awiri ndiyo yokhayo yomwe base yofooka ingachotse. Palibe za mbali iyi kapena iyo. Ikani methyl, ikani MVK, kenako chotsani ester. Vuto latha.

Tsabola: Werengani manja a kaboni ameneyo. Limodzi lagwira carbonyl wa m'mphete, lachiwiri CH2 wa m'mphete, lachitatu ester. Latsala limodzi. Mukapatsa methyl, MVK igwira pati?

Chiswe: Ndiye tisiye methyl iodide. Tipatse MVK dzanja lotsalalo, titseke mphete, ester ikhale pamphambano, kenako tiisandutse methyl.

Namzeze: Papepala zimatheka, ndipo Michael yake ingayende bwino kuposa ya ketone wamba, pamenepo ndikuvomera. Koma taonani zomwe mwadzisenzetsa. Muyenera kuteteza enone (ketone ndi double bond yake ija) kaye, apo ayi LiAlH4 iidya limodzi ndi ester. Mukatero mwapeza CH2OH. Kuti okosijeni achoke muyenera kumusandutsa tosylate kapena china chotere, n'kumukankha ndi hydride. Koma CH2 ameneyo wakhala pa kaboni wa nthambi zinayi, ndiye kuti ndi neopentyl, ndipo SN2 pa neopentyl imayenda mwaulesi kwambiri. Kenako muchotse chotetezera chija. Masitepe anayi kapena asanu pofuna kuthawa vuto lomwe kusankha base kungathetse.

Chiswe: Koma kusankha base sikupereka 99 kwa 1 ngati LDA. Enolate ya mbali ya methyl imangochulukirapo, siikhala yokha. Ine ndimakonda njira yomwe molekyulu ilibe mwayi wosankha.

Namzeze: Imeneyo ndi mfundo ya nzeru, sindikukana. Kungoti mtengo wake pano wakwera. Akadafunsa octalone yokhala ndi ester pamphambano, njira yanuyo ndiye yeniyeni.

Nkhwazi: A Chiswe akhudza chinthu chomwe chili pamtima pa nkhani yonseyi. Ester ya pa beta-ketoester ili ngati chogwirira cha mphika: mumachifuna pomwe mukunyamula, ndipo nthawi yochichotsera muyenera kuiganizira. Mu njira ya a Kachere ester yagwira ntchito ziwiri isanachoke. Yoyamba, ndiyo yatseka mphete. Yachiwiri, yapangitsa kuti methyl ilowe imodzi yokha, pamalo amodzi okha. Yesani kuthira methyl iodide pa cyclohexanone wamba ndi base, mupeza zosakanikirana: yosakhudzidwa, ya methyl imodzi, ya ziwiri mbali imodzi, ya ziwiri mbali zonse, chifukwa enolate yomwe yatsala imalanda proton kwa ketone yomwe yangopangidwa kumene. Kuzilekanitsa n'kowawa poti zimawira pa kutentha koyandikana.

Kachere: Ndibwerere pa Dieckmann pang'ono. Ndinalemba "NaOEt pang'ono" poganiza kuti base imabwerera. Mnzanga akuti ndi zolakwika.

Tsabola: Mnzanuyo akunena zoona. Masitepe onse a Claisen (kulumikiza ma ester awiri) ndi Dieckmann amabwerera m'mbuyo, ndipo paokha sakondera kwenikweni mbali ya mphete. Chomwe chimakokera zinthu kutsogolo ndi sitepe yomaliza: ethoxide imachotsa proton ya pKa 11 ija, ndipo enolate yomwe yapangidwayo siibwereranso. Ndiye base imadyedwa, imodzi pa molekyulu iliyonse. Lembani equivalent yathunthu, kenako asidi pomaliza. Komanso base ifanane ndi ester: ethoxide pa ethyl ester. Mukathira methoxide mupeza ma ester osakanikirana, mukathira hydroxide mupeza carboxylate yomwe siichita kanthu.

Muwerengenso mphete kuti musakayike. Pimelate ili ndi makaboni 7 pamzere. Kaboni 2 amaluma kaboni 7, mphete ikhala ya 2, 3, 4, 5, 6, 7, ndiwo 6, ndipo kaboni 1 atsala kunja ngati ester. Adipate, ya makaboni 6, ikadapereka mphete ya 5. Walter Dieckmann anafotokoza zimenezi mu 1894, ndipo mpaka lero mphete za 5 ndi 6 ndizo zimatuluka bwino. Zikafika za 9 mpaka 12 mapeto awiri a molekyulu sapezana msanga, imayamba kuluma inzake.

Namzeze: Powonjezera pa za a Tsabola, pali msampha womwe umachokera pa mfundo yomweyo. Methyl ikalowa, proton ija palibenso. Chomwe chinkatseka chitseko chobwerera m'mbuyo chachoka. Mukasiya molekyulu imeneyi ndi ethoxide pamoto, ethoxide imaluma ketone, mphete imatseguka, mwabwerera ku diester, tsopano ya methyl. Ikatsekanso imatsekera mbali inayo, komwe ingapeze proton yoti itaye, ndipo methyl ndi ester zimathera mbali zosiyana za ketone. Ndi NaOH yamphamvu mphete imatha kung'ambika osatsekanso, n'kukusiyirani 2-methylpimelic acid.

N'chifukwa chake pochotsa ester ine ndingalembe asidi wa m'madzi, HCl, ndi kutenthetsa. Ester imasanduka asidi, asidi wa beta-keto amataya CO2 mosavuta. Ena amakonda njira ya Krapcho, mchere wa chloride monga LiCl mu DMSO yokhala ndi madzi pang'ono, motentha kwambiri, koma imeneyo imayenda bwino zedi pa methyl ester kuposa ethyl.

Mphenzi: Funso langa ndi la pa aldol yomaliza. Diketone ija ili ndi malo atatu opangira enolate. N'chifukwa chiyani timangojambula amodzi ngati enawo kulibe?

Nkhwazi: Funso labwino kuposa momwe mwalifunsira. Tiyeni tiwaone onse atatu.

CH3 ya kumapeto kwa mchira ikaluma carbonyl wa m'mphete, mphete yatsopano ndi ya 6. Imeneyo ndiyo tikufuna. CH2 ya mkati mwa mchira, yoyandikana ndi ketone, ikaluma carbonyl yemweyo, mphete ndi ya 4, yopanikizika, ndipo poti aldol imabwerera m'mbuyo, ngakhale itapangidwa imamasuka nthawi yomweyo.

Yachitatu ndiyo ambiri saiona. CH2 ya m'mphete, mbali ina ya carbonyl, ikhoza kuluma ketone ya kumchira. Werengani, mupeza kuti nayonso ikupanga mphete ya 6. Kungoti mphete ziwirizo sizikhala zomatana m'mbali. Carbonyl wakale amakhala mlatho pakati pa makaboni awiri. Zimenezi zimachitikadi, ndipo ma ketol (ketone yokhala ndi OH) a mlatho otere anthu amawapeza m'mphika. Chomwe chimaipulumutsa Robinson n'chakuti ketol ya mlatho siingataye madzi n'kupanga enone, chifukwa double bond ikanayenera kukhala pa mutu wa mlatho, ndipo m'mphete zazing'ono chonchi lamulo la Bredt limakana. Ndiye imangokhala, kenako n'kumasuka. Pomwe ketol ya mphete zomatana imataya madzi, n'kupanga enone yokhazikika, ndipo pang'onopang'ono zonse zimathera kumeneko. Choncho mukaimitsa reaction msanga kapena mozizira, musadabwe kupeza ketol m'malo mwa enone. Kutenthetsa ndi base kapena asidi kumamaliza ntchito.

Mphenzi: Ndiye kuti si yothamanga yomwe imapambana, koma yomwe ili ndi potulukira.

Tsabola: Pa aldol ya base yofooka, inde. Musakaitengere ku LDA.

Kachere: Nanga yield yake imakhala bwanji? Papepala zikuoneka zoyera.

Namzeze: M'labu sizoyera choncho. MVK ndi yaukali: ikakumana ndi base imayamba kulumana yokhayokha n'kupanga phula lomata pansi pa flask. Enolate yomwe yatuluka mu Michael nayonso ikhoza kugwira MVK yachiwiri isanapeze proton. Komanso ndi poizoni, imawawa m'maso ndi m'mphuno, siitsegulidwa kunja kwa fume hood. Methyl iodide nayonso chimodzimodzi. Anthu amathira MVK pang'onopang'ono, mozizira, kuti isachuluke m'mphika nthawi imodzi.

Gulu la Robinson lomwe linaliona vutoli, ndipo mu 1937 linabweretsa njira yogwiritsa ntchito mchere wa Mannich, diethylaminobutanone yomwe nayitirojeni wake wamangidwa ndi methyl iodide. Base imautulutsa MVK pang'onopang'ono m'mphika momwemo, ndipo enolate imaigwira isanapeze inzake. Pambuyo pake Gilbert Stork anabweretsa MVK yokhala ndi silyl pa kaboni woyandikana ndi carbonyl, yomwe imalola kuchita Michael ndi lithium enolate yopangidwiratu popanda phula lija, silyl n'kudzachoka ndi base pambuyo. Palinso reagent ya Wichterle, 1,3-dichloro-2-butene, yomwe imalowa ngati alkyl halide wamba, ketone yake n'kudzaonekera mukathira asidi wamphamvu.

Mphenzi: Mchere wa Mannich uja uli ndi makaboni opitirira 4. Woyika malikesi akudulani.

Namzeze: Olowa mu molekyulu ndi 4 okha. Koma pa mayeso lembani MVK, musadzipalire mlandu.

Chiswe: Ine ndikadali pa nkhani yanga ya molekyulu yopanda mwayi wosankha. Taonani ketone ya Wieland-Miescher, ya mu 1950. Ndi octalone yomweyi, kungowonjezera ketone imodzi pafupi ndi methyl. Amayambira pa 2-methylcyclohexane-1,3-dione. Proton ya pakati ndi ya asidi kwambiri moti base yofooka kwambiri imakwana, MVK siivutika, ndipo ma ketone awiri a m'mphete ndi ofanana, ndiye aldol ikaluma iliyonse zotsatira zake n'zimodzi. Zimenezi ndiye kukonza bwino njira. N'chifukwa chake anthu opanga ma steroid ndi ma terpene amayambira pamenepo. Ngakhale Samuel Danishefsky popanga mankhwala a khansa a Taxol m'zaka za m'ma 1990 anayambira pa ketone imeneyi.

Tsabola: Sizimodzi ndendende. Ikaluma ya kumanzere mupeza enantiomer imodzi, ikaluma ya kumanja mupeza inayo, ndipo ziwirizo zimasiyana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere.

Chiswe: Eya, ndipo pamenepo ndi pomwe proline inalowera.

Nkhwazi: Inde. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Hajos ndi Parrish ku Hoffmann-La Roche, komanso Eder, Sauer ndi Wiechert ku Schering, anapeza kuti proline pang'ono imachititsa mchira kusankha ketone imodzi mwa ziwirizo. Pa molekyulu ya mphete ya 5, yochokera ku 2-methylcyclopentane-1,3-dione, Hajos ndi Parrish anafika pa ee (kuchuluka kwa enantiomer imodzi kuposa inzake) ya 93 peresenti ndi proline ya 3 peresenti yokha mu DMF. Pa Wieland-Miescher proline siichita bwino chotero, imathera cha m'ma 70, ndipo amaiyeretsa ndi crystallization. Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyi inakhala zaka pafupifupi 30 anthu akuiona ngati chinthu chapadera cha ma steroid, mpaka mu 2000 pomwe Benjamin List ndi anzake anaonetsa kuti proline imachitanso aldol pakati pa mamolekyulu awiri osiyana. List ndi David MacMillan analandira Nobel mu 2021.

Kachere: Ndiye octalone yanga ituluka ya manja onse awiri?

Tsabola: Inde, racemic, theka ndi theka. Palibe chilichonse cha chiral chomwe mwathira. Lembani zimenezo pansi pa yankho lanu, ena amapereka malikesi pamenepo.

Namzeze: Mukafuna dzanja limodzi, njira ilipo, ndipo ikubwezerani ku enamine yomwe tinaikana ija. M'malo mwa pyrrolidine mumatenga amine ya primary, 1-phenylethylamine ya enantiomer imodzi. Imapanga imine ndi 2-methylcyclohexanone. Imine imeneyi imasinthana ndi enamine yomwe nayitirojeni wake akadali ndi haidirojeni mmodzi, ndiye mbali yoyang'ana methyl amaikako haidirojeni wochepayo, kugundana kuja palibe. Michael imachitikira pa kaboni wa methyl, ndipo phenyl imatchinga nkhope imodzi. Pfau ndi d'Angelo anafalitsa zimenezi mu 1985. Mukathira asidi wa m'madzi amine imachoka, diketone yanu ili ndi dzanja limodzi, mutseke mphete monga kale.

Chiswe: Mwaona? Mbali yasankhidwa, nkhope yasankhidwa. Imeneyo ndiye ndingaivomere.

Tsabola: Koma pa funso la a Kachere ndi zochuluka. Sanafunsidwe.

Kachere: Ndilembe momwe zakhalira, mundiuze ngati china chatsala. Diethyl pimelate ndi NaOEt equivalent imodzi mu ethanol, kenako asidi. Beta-ketoester ndi NaOEt, kenako methyl iodide. HCl wa m'madzi pamoto, CO2 ituluke, nditsale ndi 2-methylcyclohexanone. NaOEt pang'ono mu ethanol, mozizira, MVK yothira pang'onopang'ono. Pomaliza kutenthetsa ndi base kuti madzi achoke. Racemic.

Nkhwazi: Zili bwino. Mujambule diketone ya 1,5 ndi ketol ngati zapakati, musalumphe kuchoka pa MVK kufika pa enone, chifukwa woyika malikesi amafuna kuona kuti mwawerenga mpheteyo.

Namzeze: Sitepe yoyamba ndi yachiwiri mukhoza kuziphatikiza. Dieckmann ikatha, chomwe chili mu flask ndi enolate ya beta-ketoester kale, ndiye mungathire methyl iodide pomwepo osadutsira ku asidi. Kungoti ethoxide yotsala isachuluke, ndipo methyl ikalowa musachedwe pamoto, poopa kutseguka kwa mphete kuja.

Mphenzi: Wina andithandize langa tsopano. Dimedone kuchokera ku mesityl oxide ndi diethyl malonate. Ndaona kuti Michael ilipo, koma mphete ikutseka bwanji popanda ketone yachiwiri?

Tsabola: Ma carbonyl a dimedone atalikirana 1,3, osati enone. Ndiye si aldol. CH3 ya ketone ikuluma imodzi mwa ma ester a malonate. Werengani mpheteyo, kenako muone ester yotsalayo kuti yakhala pati poyerekeza ndi ketone yatsopano.